MWANA AMENE ADAKANA AMAI AKE: MBIRI YA MAI ELLEN HOLLY

Pamene ndidauza mkulu wa mpingo mnzanga kuti ndifuna kulemba za mai wina wa zisudzo wa ku America, iye adandiyang'ana nthaŵi yaitali, nandifunsa ngati nkhani za m'Baibulo zatha. Sindidamuimbe mlandu, pakuti ife amene tidakula kale tidaphunzitsidwa kuti zisudzo ndi za anthu osoŵa chochita. Komatu ana athu akuziona tsiku ndi tsiku, ena pa wailesi ya kanema, ena pa foni, ndipo ife makolo tikangoti "nzachabe" osadziŵa zimene zili m'menemo, anawo amangotiseka mumtima. Tsono lolani, okondedwa aŵerengi, kuti mwezi uno ndikufotokozereni za Mai Ellen Holly, amene adamwalira m'chaka cha 2023 ali ndi zaka 92. Mai ameneyu adatchuka chifukwa choseŵera mbali ya mtsikana wokana mtundu wake ndi amai ake omubala, chonsecho iwo eni ake adakana kuchita zotero pa moyo wao wonse, ngakhale kuti khomo lochitira zimenezo lidali lotsekula.

Poyamba ndifotokoze mtundu wa zisudzo zake. Amene mudamverako Kapalepale kapena Pamajiga pa wailesi mukudziŵa seŵero lomwe anthu ake ndi omwewo sabata ndi sabata. Ku America maseŵero otere adayamba pa wailesi m'zaka za m'ma 1930, ndipo ankaulutsidwa masana, nthaŵi imene amai ambiri anali pakhomo kuchapa ndi kuphika. Amene ankalipira ndalama zoulutsira anali makampani opanga sopo, monga Procter & Gamble, ncholinga choti pakati pa seŵero azitsatsa malonda ao. Nchifukwa chake mpaka lero maseŵerowo amatchedwa "soap opera", ngati kunena kuti zisudzo za sopo. Wailesi ya kanema itafala, maseŵerowo adasamukira kumeneko. Amaonetsedwa masiku asanu pa sabata, ndipo nkhani yake siitha: lero isiyira pakati dala kuti maŵa mubwerenso.

Banja la Mbiri

Ellen Holly adabadwira mu mzinda wa New York pa 16 Januwale 1931, nakulira m'dera lotchedwa Queens. Atate ao, Bambo William Garnet Holly, adali injiniya wodziŵa za kasakanizidwe ka mankhwala, ndipo amai ao dzina lao lidali Grayce. Lidali banja la anthu akuda, koma la anthu ophunzira kuyambira kale, ndipo apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa munthu sungamvetse mtengo usadaone mizu yake.

Agogo aakazi a atate ao adali Dr. Susan McKinney Steward, amene adatsiriza maphunziro a udokotala m'chaka cha 1870, nakhala mai woyamba wachikuda kukhala dokotala m'chigawo cha New York, ndiponso wachitatu m'dziko lonse la United States. Taganizani, ukapolo udali utangotha kumene m'dzikomo m'chaka cha 1865. Agogo aamuna a atate aowo adali James Theodore Holly, mbusa wa mpingo wa Episcopal, womwe ndi Anglican ya ku America. Iyeyu adatsogolera gulu la anthu akuda kusamukira ku Haiti m'chaka cha 1861, ndipo m'chaka cha 1874 adadzozedwa kukhala bishopu, munthu wakuda woyamba kulandira udindowo mu mpingo umenewo. Mkulu wake wa Dr. Steward, Mai Sarah Garnet, ndiye adali mai woyamba wachikuda kukhala mphunzitsi wamkulu m'sukulu za boma za mu mzinda wa New York. Ine monga mphunzitsi ndimanyadira pomutchula. Mwamuna wa Mai Sarah adali Mbusa Henry Highland Garnet, mbusa wa Chipresbiteriyani ngati athuŵa, amene adabadwa kapolo, nathaŵa ukapolo ali mwana pamodzi ndi makolo ake. Pa 12 Febuluwale 1865 iye adalalikira m'nyumba ya malamulo ya ku Washington, munthu wakuda woyamba kuima pamenepo, ndipo adamwalira ku Monrovia, m'dziko la Liberia, m'chaka cha 1882, atatumidwa kumeneko monga kazembe wa dziko lake. Dzina lija la Garnet la atate a Ellen mwaliona kumene lidachokera.

Mwana wokulira m'nyumba yotere sasoŵa womuuza kuti iye ndani. Koma khungu la Ellen lidali loyera kwambiri, kotero kuti mlendo womuona pamseu akadayesa kuti ndi mzungu wa ku Italy kapena ku Spain. M'banjamo mudali magazi a ku Afrika, a ku Ulaya ndi a eni nthaka a ku America. Kuno kwathu munthu wotere tikadamutcha mkaladi, koma ku America kudalibe malo apakati. Kuyambira m'nthaŵi ya ukapolo lamulo lidati mwana wobadwa kwa mai kapolo ndi kapolo, ngakhale atate ake akhale mwini munda yemwe. Ndipo pambuyo pake m'zigawo zambiri mudakhazikika chizoloŵezi choti munthu wokhala ndi kholo limodzi lokha lakuda, ngakhale la kale chotani, ndi wakuda basi. Kukhala wakuda kudali kumanidwa sukulu zabwino, ntchito zabwino, nyumba m'madera abwino. Motero ena a khungu loyera ankachoka kwao mwakachetechete, nakakhala ku mzinda wakutali, nasintha dzina, nakwatira kapena kukwatiwa ndi azungu. Mtengo wake udali umodzi: osabwereranso kwanu, osalandira mbale wako pakhomo, ndipo ukakumana ndi amai ako pamseu uyang'ane kumbali.

Ellen adaphunzira pa Hunter College mu New York momwemo, ndipo kumeneko mtima wake udakhazikika pa zisudzo.

Woyera Kwambiri, Wakuda Kwambiri

Ntchito yao yoyamba yaikulu idadza m'chaka cha 1956 pa Broadway, mseu wa nyumba zotchuka za zisudzo mu New York. Seŵero lake lidachokera m'buku la Alan Paton wa ku South Africa lotchedwa Too Late the Phalarope. Nkhani yake ndi ya wapolisi wachizungu, mwana wa banja lopemphera la Mabunu, amene adachimwa ndi mtsikana wachikuda dzina lake Stephanie, pa nthaŵi imene lamulo la dzikolo linkaika m'ndende mzungu ndi munthu wakuda opezeka pamodzi motero. Atate ake a wapolisiyo atamva, adafafaniza dzina la mwana wao m'Baibulo la banja. Ellen ndiye adaseŵera Stephanie. Agogo athu amene adapita ku Joni pa Wenela malamulo ameneŵa adaŵaona ndi maso.

Luso adali nalo, ndipo odziŵa zisudzo adaliona. Adaseŵera pamodzi ndi Jack Lemmon m'chaka cha 1960, ndipo Joseph Papp, amene ankaonetsa maseŵero a Shakespeare kwaulere kwa anthu a mu New York, adaŵapatsa mbali zingapo zazikulu. M'seŵero la King Lear, limene lidaonetsedwanso pa wailesi ya kanema m'chaka cha 1974, James Earl Jones adali mfumu yokalamba ija, ndipo Mai Holly adali Regan, mmodzi mwa ana aakazi aŵiri amene adanyenga atate ao ndi mau okoma, kenaka nkuŵatsekera kunja pa mvula. Zikuoneka kuti mbali za mwana wokana kholo zinkaŵatsata.

Koma ku mafilimu ndi ku wailesi ya kanema, kumene kudali ndalama, zinthu zidavuta. Akapita kukafunsira mbali ya mkazi wachikuda, ankauzidwa kuti ndi oyera kwambiri, oonera sadzakhulupirira. Mbali za azungu sakadapatsidwa, pakuti onse ankadziŵa kuti ndi wakuda, ndipo iwo sadabise. Chopweteka koposa chidali chakuti ngakhale mbali yeniyeni ya mtsikana wachikuda wa khungu loyera inkapatsidwa kwa ena. M'filimu ya Pinky ya m'chaka cha 1949 mbali yotere adapatsa mzungu, Jeanne Crain. M'filimu ya Imitation of Life ya m'chaka cha 1959 adapatsa Susan Kohner, amenenso sadali wakuda. Zidali ngati mleme uja wa m'nthano, amene mbalame zidamukana chifukwa cha mano, mbeŵa nazo zidamukana chifukwa cha mapiko.

Njira yapafupi idalipo. Akadasintha dzina, nasamukira ku Hollywood, nanena kuti makolo ao adachokera ku Italy, mwina lero bwenzi tikuŵadziŵa monga mmodzi wa akatswiri olemera. Sadatero. M'malo mwake, mu Seputembala 1968, adatenga cholembera nalemba nkhani m'nyuzipepala ya New York Times, yomwe mutu wake udali funso lakuti kodi munthu ayenera kuda kufika pati kuti aŵerengedwe wakuda. M'nkhanimo adadandaula kuti eni zisudzo ali ndi chithunzi chimodzi chokha cha munthu wakuda, ndipo aliyense wosafanana nacho amatayidwa kunja.

Chaka chimenecho chidali cha moto ku America. Mbusa Martin Luther King adaphedwa pa 4 Epulo 1968, ndipo m'mizinda yambiri mudabuka zipolowe. Padali patangopita chaka chimodzi kuchokera mu Juni 1967, pamene bwalo lalikulu la milandu lidathetsa malamulo oletsa ukwati wa mzungu ndi munthu wakuda, amene adali akugwirabe ntchito m'zigawo 16. Pakati pa zonsezi, mai wina wolemba maseŵero, Agnes Nixon, adayambitsa seŵero latsopano pa wailesi ya kanema ya ABC pa 15 Julaye 1968, lotchedwa One Life to Live, kunena kuti moyo ndi umodzi wokha. Maseŵero a sopo a nthaŵi imeneyo ankaonetsa mabanja a azungu opeza bwino okhaokha, koma Mai Nixon adafuna kuti mu mzinda wao wopeka wa Llanview mukhale olemera ndi osauka, Akatolika ndi Ayuda, azungu ndi akuda. Adali ndi nkhani m'mutu imene inkafuna mkazi wachikuda wooneka ngati mzungu. Ataŵerenga zimene Ellen Holly adalemba, adatuma anthu kuti akamupeze.

Msampha wa Mai Nixon

Mu Okutobala 1968 oonera adaona munthu watsopano m'seŵeromo: mtsikana wokongola dzina lake Carla Benari, wochita zisudzo, wa makolo a ku Italy, amene adagonekedwa m'chipatala cha Llanview atasokonezeka maganizo. Palibe amene adauza oonerawo kanthu kena. Carla atachira adayamba kugwira ntchito kwa dokotala wachizungu, Dr. Jim Craig, ndipo posakhalitsa aŵiriwo adapalana ubwenzi mpaka kulonjezana ukwati. Oonera adakondwa. Koma m'chipatala momwemo mudali dokotala wachinyamata wachikuda, Dr. Price Trainor, ndipo mtima wa Carla udayamba kupendekera kwa iye. Tsiku lina aŵiriwo adapsompsonana pamaso pa dziko lonse.

Kudali chiphokoso. Anthu adaimba mafoni ndi kulemba makalata aukali, kufunsa kuti zatheka bwanji kuonetsa mkazi wachizungu m'manja mwa munthu wakuda, masana dzuŵa likuswa mtengo. Nyumba youlutsira kanema ya mu mzinda wa Lubbock, ku Texas, idaleka kuonetsa seŵerolo. Mai Nixon adangokhala chete, nkhani nkumapitirira.

M'seŵero lomwelo mudali mai wina wachikulire wachikuda, Sadie Gray, woyang'anira ntchito yosesa ndi kukolopa m'chipatalamo, mai waulemu amene oonera adamzoloŵera ndi kumkonda. Iye nthaŵi zina ankatchula za mwana wake wamkazi, Clara, amene adamtaya zaka zapitazo. Patapita miyezi ingapo, tsiku lina Carla adakumana ndi Sadie maso ndi maso, ndipo mau amene adatuluka pakamwa pa mtsikanayo adali oitana amai ake. Carla Benari adali Clara Gray. Adathaŵa kwao, nasintha dzina, nadzisandutsa mzungu.

Apa mpamene ndimati Mai Nixon adali mphunzitsi weniweni, pakuti mphunzitsi wabwino amalola mwana kuyankha molakwa pabolodi kuti kalasi lonse lione pamene palakwika. Amene adakwiya ndi kupsompsonana kuja adazindikira kuti adakwiyira munthu wakuda chifukwa chokonda wakuda mnzake. Ndipo ubwenzi umene adauombera m'manja, wa Carla ndi Dr. Craig, ndiwo udali wa mzungu ndi munthu wakuda, chinthu chimene ankati nchonyansa. Mtsikanayo adali yemweyo, nkhope yomweyo, mau omwewo. Chimene chidasintha ndi zimene oonera ankadziŵa za amai ake. Ndikadakonda kuona nkhope za akuluakulu a ku Lubbock tsiku limenelo.

Zimene zidatsatira ndizo zimandikhudza koposa. Sadie sadalandire mwana wake ndi nthungululu. Adamdzudzula, ndipo mtsikanayo naye adali ndi zake zonena: kuti monga wakuda zitseko zonse zidali zotseka, kuti adafuna kudya ngati anzake. Kwa masabata ambiri oonera adamva mai ndi mwana akukangana pa funso limene mabanja ambiri achikuda ankalidziŵa koma osalinena poyera. Potsiriza Carla adaulula zoona kwa onse, ukwati ndi Dr. Craig udalephereka, ndipo adayamba kukhala monga mwana wa Sadie Gray. Mbali ya Sadie ankaseŵera ndi Mai Lillian Hayman, woimba wa mau amphamvu, amene m'chaka cha 1968 chomwecho adalandira mphotho ya Tony, yomwe ndi yapamwamba pa zisudzo za pa Broadway.

Wina angati izi nza kutali, kuno kulibe. Ine ndikuti zilipo, kungoti zavala malaya ena. Zaka zapitazo ndidaphunzitsa mnyamata wina wanzeru mu Sitandade 8, mwana wa mai wamasiye wogulitsa nkhuni. Adasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mudzi wonse udasangalala. Tsiku lina amai ake adayenda ulendo wautali kukamuona, atasenza kathumba ka mtedza wokazinga ndi chigumu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Mnyamatayo adaŵalandirira kuseri kwa mpanda, ndipo anzake atamfunsa adati ndi mai wina wa kumudzi amene amathandiza ntchito kunyumba kwao. Maiwo adamva. Adandifotokozera iwo eni atabwerako, osalira, akungoyang'ana pansi, nati, "Aphunzitsi, kodi sukulu imene mudamtumizako ija amaphunzitsa zimenezi?" Ndidasoŵa choyankha, ndipo mpaka lero funsolo limandibwerera ndikamalemba mafomu a ana opita ku sekondale.

Sindifuna kupeputsa tchimo la mnyamatayo, ngakhale la Carla. Lamulo lachisanu silidapatule makolo osauka kapena akuda. Komabe mlandu uwu suli wa mwana yekha. Mnyamata uja adaphunzira kwa yani kuti mai wosavala nsapato ndi wochititsa manyazi? Atsikana athu amene amadzola mafuta oyeretsa khungu mpaka masaya kupsa adamva kwa yani kuti woyera ndiye wokongola? Sitidanene ndife tomwe, poyamikira khanda kuti labadwa loyera ngati mzungu, ndi popatsa mpando wakutsogolo m'tchalitchi kwa wobwera pa galimoto? M'Baibulo muli anthu aŵiri amene adakhala m'nyumba ya mfumu mtundu wao uli pa mavuto. Mose adaleredwa ngati Mwejipito, koma atakula adasankha kuŵerengedwa pamodzi ndi akapolo. Estere adabisa Chiyuda chake pouzidwa ndi Mordekai, koma tsiku litafika adadziulula, moyo wake uli pa chiswe. Achinyamata a m'magulu athu angachite bwino kukambirana za aŵiriŵa pamodzi ndi Carla, ndi kufunsana kuti kubisa kumasanduka kukana pa nthaŵi iti.

Zaka za Ulemerero ndi Malipiro Ake

Nkhani ya Carla idakopa anthu ambiri, makamaka mabanja achikuda amene kwa nthaŵi yoyamba adaona anthu onga iwo ali pakati penipeni pa seŵero la masana, osati ongobweretsa tiyi. Motero Mai Holly amakumbukika monga munthu wakuda woyamba kukhala ndi mbali yaikulu yokhazikika m'maseŵero a sopo a ku America. M'chaka cha 1973 Carla adakwatiwa ndi wapolisi dzina lake Ed Hall, ndipo aŵiriwo adatenga mnyamata wa m'miseu, Joshua, namlera ngati wao. Amene ankaseŵera Ed Hall adali Al Freeman Jr., yemwe m'chaka cha 1979 adakhala mwamuna wakuda woyamba kulandira mphotho ya Emmy ya woseŵera wamkulu m'maseŵero a masana. Kamnyamata kaja kadali Laurence Fishburne, wa zaka ngati 12 pa nthaŵiyo; achinyamata mukumdziŵa monga Morpheus wa m'filimu ya The Matrix.

Ndisakunamizeni kuti seŵero lonse lidali laphindu chotere. Pambuyo pake olemba adathetsa banja la Carla ndi Ed, namkwatitsa kwa dokotala wina. Umu ndi m'mene zisudzo za sopo zilili, ndipo makolo tidziŵe chifukwa chake. Seŵero loonetsedwa masiku asanu pa sabata kwa zaka makumi anai silingakhale ndi banja lamtendere, pakuti mtendere suitana munthu kuti abwerenso maŵa, ndipo akapanda kubwera sopo sagulidwa. Kusudzulana kumene ana athu amaona m'maseŵero otere si chithunzi cha m'mene anthu a kunja amakhalira. Ndi nyambo ya wamalonda. Mwana akauzidwa zimenezi amaonera ndi maso ena.

Kuseri kwa kanema, Mai Holly sadali pa mtendere. M'buku la mbiri ya moyo wao, lotchedwa One Life, limene lidatuluka m'chaka cha 1996, adalemba kuti ankalandira malipiro ochepa poyerekeza ndi anzao achizungu, ngakhale kuti nkhani yao ndiyo idathandiza kukopa oonera pamene seŵerolo lidali lakhanda. Adalembanso kuti m'kupita kwa zaka mbali za anthu akuda zidayamba kukankhidwira kumbali. Mai Nixon adali atagulitsa seŵerolo kwa ABC, ndipo olamulira adali ena. Mai Holly adachoka m'chaka cha 1980, nabwereranso m'chaka cha 1983, Carla tsopano ali loya woimira boma pa milandu. Koma m'chaka cha 1985 mkulu watsopano woyendetsa seŵerolo sadaŵapatsenso pangano la ntchito. Chaka chotsatira Mai Lillian Hayman nawonso adachotsedwa. Banja la Gray, limene lidali m'gulu la mizati ya seŵerolo pachiyambi, lidazimirira, ndipo seŵerolo lidapitirira pa ABC popanda iwo mpaka mu Januwale 2012.

Izi ndi zimene Mai Holly adafotokoza, ndipo eni kampani akadakhala ndi mbali yao yonena. Koma ine ndikaŵerenga zaka, ndimaona kuti mai amene adalipo kuyambira miyezi yoyamba adatulutsidwa ali ndi zaka 54, msinkhu umene mkazi wa zisudzo sapezanso ntchito msanga, pamene anzake ena achizungu adakalambira momwemo. Wokumba chitsime sadamwe madzi ake nthaŵi yaitali. Ndikunena izi makamaka kwa achinyamata amene mumalota kutchuka: kudziŵika ndi dziko lonse ndi kukhala ndi chakudya cha maŵa ndi zinthu ziŵiri zosiyana, ndipo wolemba ntchito amene amakuombera m'manja lero sadalumbire kuti adzatero mpaka kale.

Sadagwe mphwayi. M'chaka cha 1988 adaoneka m'filimu ya Spike Lee yotchedwa School Daze, yomwe mwa zina imakamba za kunyozana kwa ophunzira achikuda okhaokha, oyera khungu ndi akuda bii. Kuyambira chaka chomwecho mpaka 1993 ankaoneka nthaŵi ndi nthaŵi monga woweruza milandu m'seŵero lina la sopo, Guiding Light, ndipo adaseŵeranso m'seŵero la apolisi la In the Heat of the Night. Koma ntchito zidanka zichepa. Pamenepo mai amene nkhope yake inkadziŵika m'nyumba mamiliyoni adachita chinthu chimene ambiri otchuka sakadachita: adakalemba mayeso oloŵera ntchito za boma pamodzi ndi anthu wamba, nakhoza, nayamba kugwira ntchito m'nyumba yoŵerengeramo mabuku ya mu mzinda wa White Plains, kumpoto kwa New York. Ena adaona ngati kutsika. Ine amene ndakhala zaka zambiri ndikupempha ana kuti atsekule buku sindingaone motero, ndipo ndikhulupirira kuti Mai Sarah Garnet, mphunzitsi wamkulu uja, sakadachita nazo manyazi.

Mai Holly sadakwatiwe ndipo sadabereke mwana. M'chaka cha 2002 adaonekanso m'filimu ya pa wailesi ya kanema yonena za A. Philip Randolph ndi anthu akuda ogwira ntchito m'sitima za pamtunda, amene adamenyera ufulu wokhala ndi bungwe lao la antchito. Adamwalira pa 6 Disembala 2023 m'chipatala cha Calvary, ku Bronx, mu mzinda womwewo wa New York m'mene adabadwira, akudziŵika ndi dzina lomwelo la Holly limene bishopu wa ku Haiti adasiyira zidzukulu zake.